Khasu m'mawa, ukonde madzulo: mudzi wa alimi osodza umayenda bwanji?

Mu Okutobala 2023, choyezera madzi cha padoko la Manaus ku Brazil, m'dera la Amazon, chinaonetsa kuti mtsinje wa Rio Negro watsika kufika pa mamita 12.70. Chiyambireni kulemba mlingo wa mtsinjewu mu 1902, unali usanaphwepo chotero. Patangotha chaka unatsikanso kufika pa 12.11. Zithunzi zimene zinafalikira pa intaneti zinali za mabwato atagona chammbali pamchenga, ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa mitsinje akuyenda wapansi mtunda wautali, zigubu zili pamutu. Atolankhani ena ankati chilalachi chapweteka asodzi. Ena ankati chapweteka alimi a chinangwa. Wowerenga akanaganiza kuti akunena magulu awiri a anthu, pamene anali anthu omwewo, a m'nyumba zomwezo.

Chisokonezochi sichinayambire ku Brazil. Fomu ya kalembera kapena ya ngongole imakhala ndi kabokosi kamodzi kolembamo ntchito ya munthu, ndipo maboma ambiri ali ndi nthambi ya zaulimi payokha, ya zansomba payokha. Koma m'midzi yambirimbiri ya m'madera otentha, ku Amazon, m'mbali mwa mtsinje wa Niger, ku Mekong mpaka kuzilumba za Pacific, amene wagwira khasu m'mawa ndi yemweyo akuponya ukonde madzulo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. M'midzi imeneyi mwambiwo umatembenuka: wa phanga limodzi ndiye amavumbwa.

Kumene chaka chimagawidwa ndi madzi

Mawu akuti tropiki amanena lamba wozungulira pakati pa dziko lapansi, kuyambira madigiri pafupifupi 23.5 kumpoto kwa ikweta kufika 23.5 kumwera kwake. Ikweta ndi mzere wongoyerekeza umene umadula dziko pakati. M'lamba ameneyu mumakhala anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse a padziko.

Kumaiko ozizira chaka chimagawidwa ndi chisanu ndi kutentha. M'tropiki kutentha sikusintha kwenikweni; chimene chimabwera n'kupita ndi madzi. Pafupi ndi ikweta mphepo zochokera kumpoto ndi kumwera zimakumana, mpweya wofunda n'kukwera m'mwamba, n'kusanduka mitambo ya mvula. Malo okumanirawo sakhazikika. Amalondola dzuwa, kulowera kumpoto chapakati pa chaka, kubwerera kumwera chakumapeto. Akamadutsa pamwamba pa mudzi, ndiye dzinja, akachoka, chilimwe. Midzi ina yoyandikana ndi ikweta amaidutsa kawiri, n'chifukwa chake imakhala ndi nyengo ziwiri za mvula pachaka. Kubzala, kupalira, kumata bwato, kufolera nyumba, zonse zimamva za madzi amenewa.

Makalendala awiri m'nyumba imodzi

Munda ndi madzi zimalipira mosiyana. Munda uli ngati bwana wolipira kamodzi pachaka: umamugwirira miyezi inayi kapena isanu osaona kanthu, kenako n'kukupatsa zonse nthawi imodzi. Madzi ali ngati ganyu: wagwira lero, walandira lero, zochepa kapena zambiri, mawa ukayambirenso.

Ambiri amaganiza kuti nthawi yowawa kwa mlimi wodalira mvula ndi chilimwe. Ayi. Ndi pakati pa dzinja, pamene munda wabiriwira koma mbewu sizinache, nkhokwe yatha, chakudya chakwera mtengo pamsika, udzu ukufuna khasu tsiku lililonse, malungo nawo achuluka. Apa ndi pamene nsomba zimanyamula banja. Ndowa imodzi ya tinsomba ikagulitsidwa, pakhomo papezeka chophika cha masiku angapo. Ikaomba mphepo yoti bwato silingatuluke milungu iwiri, kapena nsomba zikangosowa monga zimachitira, banja limatembenukira kumunda. Chinangwa chimakondedwa m'midzi yotere pa chifukwa chomwechi: sichikakamiza mwini wake kuchikumba tsiku limodzi. Chimatha kukhala m'nthaka miyezi yambiri chitakhwima, nkhokwe yokwiririka imene anankafumbwe saifika.

Azachuma amatcha zimenezi kumwaza chiopsezo. M'mudzi mulibe ofesi ya inshuwalansi, choncho banja limadzipangira yake posunga njira ziwiri zopezera chakudya zimene sizilephera nthawi imodzi. Mawu akuti "nthawi imodzi" ndiwo agwira nkhani yonseyi.

Tiyerekeze nyumba ina usiku wa mdima. Bambo ndi mwana wake wamkulu apalasa bwato dzuwa litangolowa, atatenga nyali, poti tinsomba tambiri timatsata kuwala. Akocheza mbandakucha. Padoko mayi ali kale ndi beseni, ndipo asanapereke moni wokwanira maso ake agawa kale nsombazo patatu: za ndiwo, zogulitsa zaziwisi, zoyanika. Bambo agona maola atatu, dzuwa lisanafike paliwombo ali kumunda. Mayi wayala nsomba pathandala, koma sakhala pansi mtima uli m'malo, maso ali kumitambo, chifukwa mvula ya theka la ola ikhoza kuwononga ntchito ya usiku wonse. Mwana wamng'ono waikidwa kuti aziingitsa akhwangwala, ndipo ngati lero n'tsiku la sukulu, ndiye kuti sukulu yaphonyedwa. Mwezi ukadzakhala wathunthu nyali sikokanso nsomba, kuwala kuli ponseponse. Amenewo ndiwo masiku osoka maukonde ndi kumaliza kupalira. Kalendala wa mwezi walowa pakati pa awiri aja.

Makalendalawa amalimbananso. Sabata imene udzu wakula m'munda ikhoza kukhala yomweyo imene nsomba zafika zambiri, pamene manja ndi omwewo. Banja likathamangira ndalama ya lero, munda umalowa thengo, n'kudzalira pokolola. Likakakamira kumunda, nsomba zimadutsa, ndipo sizidikira munthu. Mlendo akaona munda wosapalira amafulumira kunena kuti asodzi ndi aulesi pa khasu. Nthawi zambiri amakhala akuona munda wa munthu amene anawerengera n'kusankha chotaya.

Tchire lobiriwira, nthaka yosauka

Pali funso limene limavutitsa ambiri: dziko lobiriwira chotere, bwanji zokolola zake n'zochepa? Nthaka yambiri ya m'madera otentha a mvula yochuluka ndi yakalekale, yofiira, yosukuluka. Mvula ya zaka zikwizikwi yaitsuka michere, ngati masamba a tiyi amene aphikidwa kambirimbiri. Chonde cha nkhalango chimakhala m'mitengo momwemo ndi m'masamba oyoyoka, amene amaola msanga ndi kutentha, mizu n'kuyamwanso pomwepo. Ukadula mitengo n'kuitentha, phulusa limadyetsa mbewu zaka ziwiri kapena zitatu, kenako munda umaguga. Kale ankausiya ugonere zaka khumi kapena kuposa. Anthu akachuluka, malo ogoneka amasowa. Kumene kuli mapiri ophulika nkhani ndi ina: ku Java, chilumba cha ku Indonesia, phulusa la mapiri limaikonzanso nthaka, ndipo chilumbacho chimasunga anthu pafupifupi 150 miliyoni.

Nanga michere yokokolokayo imathera kuti? Yambiri imatsikira kumitsinje ndi kumadambo, n'chifukwa chake anthu amaunjikana m'mbali mwa madzi ngakhale akudziwa kuti kumasefukira. Mu 1989 akatswiri atatu, Wolfgang Junk, Peter Bayley ndi Richard Sparks, anafotokoza kuti kusefukira kwa chaka ndi chaka kuli ngati kugunda kwa mtima wa mtsinje: ndiko kumayendetsa moyo wonse wa m'chigwa. Madzi akalowa m'tchire ndi m'minda yokololedwa, udzu, masamba ndi ndowe zimaola, tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timachulukana, nsomba n'kutsatira kukaikira mazira m'malo osaya mmene ana ake angadye ndi kubisala. Madzi akayamba kubwerera, nsomba zonenepa zimapanikizika m'timifuleni, mmene anthu atchera kale miono. Pamene madzi achoka pamatsala matope achonde ndi chinyontho, ndipo alimi amabzala molondola madziwo akamaphwa, opanda feteleza, opanda kuthirira. Malo amodzimodziwo miyezi ina ndi nyanja, miyezi ina ndi munda.

Nyanja ya Tonle Sap ku Cambodia imaonetsa zimenezi moonekeratu. M'chilimwe imakhala ya masikweya kilomita osafika 3,000, ndipo malo ambiri kuya kwake ndi mita imodzi basi. Mvula ikafika, mtsinje wa Mekong umadzaza kwambiri moti umakankha mtsinje wotuluka m'nyanjayi kuti uziyenda chobwerera. Nyanja imakula pafupifupi kasanu, n'kumiza nkhalango yozungulira. M'midzi monga Kampong Phluk nyumba zimamangidwa pamizati yaitali ngati nsanja. M'chilimwe mwini nyumba amakwera makwerero ataliatali kuti alowe; m'dzinja bwato limamufikitsa pakhomo penipeni. Koma walira mvula walira matope. Madzi omwewo akabwera msanga kapena akapitirira muyezo, amamiza mpunga usanache.

Ndowa imene siiwerengedwa

Midzi ya m'mbali mwa nyanja zamchere ili ndi kugunda kwake kwina. Madzi amadzaza n'kuphwa, malo ambiri kawiri patsiku, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu amaphwa kwambiri, n'kusiya poyera matanthwe ndi matope. Masiku amenewo amayi ndi ana amayenda ndi ndowa ndi kachitsulo kosongoka, kutola nkhono, nkhanu ndi okutopasi, nyama ya m'madzi ya miyendo 8 imene imabisala m'maenje a miyala. Bwato likabwera lopanda kanthu, ndowa imeneyo ndiyo ndiwo. Koma wolemba ziwerengero amaima padoko kuwerenga mabwato. Ndowa imadutsa kumbuyo kwake kupita kukhitchini.

Mu 2023 bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, pamodzi ndi Duke University ndi WorldFish, linatulutsa lipoti loyesa kuwerenga zobisikazi. Linapeza kuti asodzi ang'onoang'ono amagwira matani pafupifupi 37 miliyoni pachaka, omwe ndi 40 pa 100 ya nsomba zonse zogwidwa padziko. Anthu pafupifupi 492 miliyoni amadalira usodzi wotere mwanjira ina, ndipo mwa anthu khumi alionse ogwira ntchito ya usodziwu, anayi ndi amayi, okwana 45 miliyoni. Kumbali ya munda, kafukufuku wa FAO wa 2021 anasonyeza kuti minda isanu mwa isanu ndi umodzi iliyonse padziko sifika mahekitala 2, koma imatulutsa pafupifupi 35 pa 100 ya chakudya cha dziko lonse. Banja la tiyerekeze lija likhoza kupezeka m'ziwerengero zonse ziwiri, kapena kusowa monsemo. Ndipo amene sanawerengedwe saitanidwa pokambirana za damu, hotela kapena doko latsopano.

Nsomba siidikira wogula

Mpunga ukhoza kudikira wogula miyezi. Nsomba ikangofa, mabakiteriya a pakhungu ndi m'matumbo amayamba kuidya, ndipo kutentha kumawafulumizitsa. Pa ayisi imatha sabata kapena kuposa ili bwinobwino. Padzuwa la m'tropiki, yogwidwa m'mawa pofika madzulo yayamba fungo. Apa ndi pamene pagona mbali yaikulu ya yankho la funso lakuti bwanji mudzi wogwira nsomba tsiku ndi tsiku umakhalabe wosauka. Tsiku limene nsomba zachuluka zimachulukira mabwato onse, mtengo n'kugwa. Msodzi sangakane mtengowo, katundu wake akuola ali m'manja. Amene ali ndi ayisi ndi galimoto ndiye amatchula mtengo.

Wopikula nsomba kawirikawiri amakhalanso wokongoza. Amagulira msodzi ukonde ndi mafuta a injini, mwina kumulipirira mwana kuchipatala, pangano n'kukhala lakuti nsomba zonse azigulitsa kwa iye, pamtengo wotsikirapo. Ena amati uyu ndi katapila wovala jekete. Ena amafunsa kuti ndi banki iti ingakongoze munthu wopanda chikole, pakati pa usiku, popanda pepala. Onse akunena zimene anaona. Chodziwika n'chakuti kuchotsa wopikula osaikapo china kumasiya msodzi alibe pokongola.

Nthawi zina chosowa chimakhala uthenga chabe. Katswiri wa zachuma Robert Jensen anatsatira asodzi a ku Kerala, kumwera kwa India, pakati pa 1997 ndi 2001, pamene mafoni a m'manja ankafika kumeneko. Kale bwato linkangolunjika kumsika wa kwawo. Ukadzaza, nsomba zina, 5 mpaka 8 pa 100, zinkatayidwa, pamene msika wina pamtunda wochepa unalibe nsomba. Mafoni atafika, asodzi ankaimba ali panyanja kufunsa kumene kukufunika katundu. Kutaya kunatheratu, phindu la asodzi linakwera ndi 8 pa 100, ndipo mtengo kwa ogula unatsika ndi 4 pa 100. Nsomba m'nyanja sizinawonjezeke ndi imodzi yomwe.

Kumene ayisi safika, njira ndi zakalekale: kuyanika, kuthira mchere, kuwamba. Kuwamba kumadya nkhuni, ndipo utsi umawononga maso ndi zifuwa za amayi amene amakhala pang'anjo tsiku lonse. Ku Ghana mu 1969 kunapangidwa uvuni wa Chorkor, wotchedwa dzina la dera la asodzi la ku Accra: mathireyi a waya osanjikizana pamwamba pa ng'anjo ya dothi, kuti utsi umodzi udutse m'nsomba zambiri. Kuchepetsa nkhuni si nkhani ya thumba lokha. Mitengo ikatha kumtunda, nthaka ya m'munda imakokoloka n'kukakwirira malo oswanirana nsomba. M'mbali mwa nyanja zamchere nkhunizo zimachokera ku mitengo ya mangrove, yomera m'matope amchere, imene mizu yake ndiyo mobisala tiana ta nsomba komanso chotchinga mafunde kuti asafike kuminda.

Madzi ndi a yani?

Munda uli ndi malire: mtengo uwo, chulu icho. Nsomba zilibe. Imene waisiya lero kuti ikule, mawa aigwira mnzako. Mu 1968 katswiri wa zachilengedwe Garrett Hardin analemba kuti chuma cha onse chimatha chifukwa aliyense amathamangira kutengako mnzake asanatenge, ndipo kuti chitetezeke, boma lichilamulire kapena chigawidwe kwa eni. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, anasonkhanitsa zitsanzo za midzi imene yasunga msipu, nkhalango, madzi othirira ndi nsomba kwa nthawi yaitali ndi malamulo akeake. Anaona kuti zimatheka pakakhala zinthu zingapo: zidziwike kuti ololedwa ndani, opanga malamulo akhale omwewo owatsatira, pakhale olondera, chilango chiyambe chaching'ono n'kumakula, ndipo boma livomereze kuti mudziwo uli ndi ufulu wodziikira malamulo.

Mu 2004 mudzi wa Andavadoaka, kumwera chakumadzulo kwa Madagascar, unatseka malo amodzi ogwirira okutopasi kwa miyezi ingapo, mogwirizana ndi bungwe la Blue Ventures. Okutopasi amakula msanga kwambiri, moti potsegula anthu anavuula akuluakulu olemera kuposa a masiku onse. Midzi yoyandikana itaona, inatengera. Kudikira kunali kwakufupi, phindu linaoneka pasikelo, choncho panalibe chifukwa chochitira misonkhano yambiri yokopa anthu.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi cha pirarucu ku Amazon, nsomba imene imatha kufika mamita 3 ndi makilogalamu 200. Ngakhale ndi nsomba, imapuma mpweya, choncho imatulukira pamwamba pakatha mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Asodzi ozolowera amakhala phee m'mabwato, aliyense atagawiridwa chigawo chake cha nyanja, n'kumawerenga mwa kuona ndi kumva kuvuuka kwake, mpaka kusiyanitsa yaikulu ndi yaing'ono. Asayansi atayesa njirayi anapeza kuti ndi yolondola. Kuyambira 1999, m'dera lotetezedwa la Mamirauá, midzi imalondera nyanja zake, kuwerenga nsomba, ndipo boma limalola kugwira zosapitirira 30 pa 100 ya zazikulu zimene zawerengedwa. Nsomba imene inatsala pang'ono kutha m'malo ambiri inachulukanso. Nzeru yowerengera inali ya asodzi; boma linangoiika m'lamulo.

Komabe kutseka kuli ndi mtengo wake, ndipo saulipira mofanana. Nsomba zambiri za m'mitsinje ndi m'madambo zimaswana nthawi ya mvula, yomwe ndi nthawi ya njala ija. Lamulo likatseka madzi miyezi imeneyo, limatseka phanga lachiwiri pamene loyamba likudontha. Wopeza bwino amadikira, wosauka amapita usiku. Dziko la Brazil limalipira asodzi ang'onoang'ono olembetsedwa malipiro a mwezi ndi mwezi pa nyengo yotseka, koma maiko ambiri alibe ndalama zotero. Nkhani ya maneti oteteza udzudzu ili pomwepa. M'maiko ambiri a m'tropiki anthu amasodzera maneti amenewa, ndipo timaboo take timakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. A zachilengedwe amaona mbewu ya nsomba ikutha. A zaumoyo amaona mwana akugona pamtetete. Mayi amene wagwira netiyo amaona ukonde wokhawo umene angaupeze. Palibe mwa atatuwa amene akunama.

Zimene madzi amapereka m'thupi, ndi zimene amatengamo

Tinsomba timene timadyedwa tathunthu, mutu, mafupa ndi zam'kati zomwe, tili ndi kashiamu, ayironi, zinki ndi vitamini A, zimene mpunga ndi chinangwa zilibe mokwanira. Shakuntala Thilsted analandira mphoto ya World Food Prize mu 2021 chifukwa cha ntchito yake pa tinsomba totere, monga mola wa ku Bangladesh. Tinsombati tili ndi ogula ena akutali. Ku Mauritania, Senegal ndi Gambia kuli mafakitale ogaya nsomba kukhala ufa wodyetsa ziweto ndi nsomba zoweta za kumaiko ena, ndipo kilogalamu imodzi ya ufawo imadya makilogalamu 4 kapena 5 a nsomba zaziwisi. Oikira kumbuyo mafakitalewa amatchula ntchito ndi ndalama zakunja. Amayi owamba nsomba amatchula ng'anjo zimene zazizira.

Madzi omwewo amabweretsa likodzo, lofalitsidwa ndi nkhono za m'madzi opanda mchere. Kuuza munthu wa m'mudzi wotere kuti asalowe m'madzi kuli ngati kuuza mlimi kuti asaponde dothi. Damu la Diama, lomalizidwa mu 1986 pamtsinje wa Senegal, linamangidwa kuti madzi amchere asamalowe kumtunda, alimi azithirira mpunga ndi nzimbe. Zinathekadi. Koma linatsekanso njira ya mtundu wina wa nkhanu za mumtsinje zimene zimakaswanira kumadzi amchere, zomwe chakudya chake china ndi nkhono. Nkhanuzo zitasowa, madzi atadekha, nkhono zinachuluka, ndipo likodzo linabuka mwamphamvu m'tauni ya Richard Toll ndi midzi yozungulira. Chimene chinakonzedwa poganizira munda chinakagwa m'madzi.

Mapanga onse akadontha pamodzi

Inshuwalansi ya mudzi imagwira ntchito ngati munda ndi madzi sizilephera nthawi imodzi. Chaka cha tizilombo m'munda nsomba zimakhalapo. Mwezi wa mphepo panyanja chinangwa chimakhalapo. Koma zonse ziwiri zimayamwa bere limodzi, la mvula. Chilala chikakula, kapena namondwe akathira madzi amchere m'minda n'kuswanso mabwato usiku umodzi, mapanga onse amadontha.

N'zimene zinaoneka ku Amazon. Chaka cha 2023 chinali cha El Niño, kufunda kwa madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakatha zaka 2 mpaka 7 n'kusokoneza mvula m'madera ambiri a tropiki, ndipo nyanja ya Atlantic nayonso inali yofunda kuposa masiku onse. M'nyanja ya Tefé madzi anatentha kupitirira madigiri 39, nsomba zinafa, anangumi ang'onoang'ono a mumtsinje otchedwa dolphin oposa 150 anafanso. Kumeneko mtsinje ndiwo msewu. Utaphwa, ufa wa chinangwa unalibe njira yopitira kumsika, mafuta ndi mankhwala zinalibe njira yobwerera, ana analibe bwato lowafikitsa kusukulu. Mabanja amene ali ndi mwana kutauni anadalira phanga lachitatu, ndalama yotumizidwa kuchokera kumene mvula ilibe mphamvu pa malipiro.

Ngakhale midzi yosunga pirarucu, imene inachita zonse mwadongosolo, inagwidwa. Nyengo yogwira nsombayi imakhala ya madzi ochepa, koma pamafunika madzi okwanira kuti bwato lilowe m'nyanja zake, ndi kuti nsomba yolemera kuposa munthu ifike pa ayisi isanaole. M'chilala cha 2023 ndi 2024 timitsinje tolumikiza nyanjazo tinauma. Midzi yambiri inalephera kugwira chiwerengero chimene boma linailola. Nsomba zinalimo, zowerengedwa kale, zikuvuuka mphindi 20 zilizonse, koma pakati pa izo ndi msika panali matope ataliatali oti munthu sangawoloke atasenza makilogalamu 100.